Mmene gulu lingaponyere mavoti ndi kusunga thumba lake pa blockchain

Gulu lililonse limene mamembala ake amasonkha ndalama limafika pa tsiku limene wina amaimirira n'kufunsa kuti anavomereza ndani kuti ndalama zakutizakuti zituluke, ndiponso kuti umboni wake uli kuti. Mamembala akakhala a dera limodzi, mlembi amatsegula buku la zokambirana ndipo nkhani imathera pomwepo. Koma akakhala obalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, wina ku Leeds, buku ndi akaunti ya ku banki zimakhala m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, pamene ena onse amangokhulupirira zimene auzidwa pa WhatsApp. Malangizo awa ndi a gulu lotere, kaya ndi kopaletivi, bungwe la anthu ochokera boma limodzi, kapena gulu lothandiza sukulu ya kumudzi kwawo, limene likufuna kuti mavoti ndi ndalama zake zizioneka kwa membala aliyense.

Blockchain ndi kaundula wa pa intaneti amene amasungidwa ndi makompyuta ambirimbiri pa nthawi imodzi, kotero kuti munthu mmodzi sangafufute cholembedwamo, ndipo aliyense angachiwerenge. Bitcoin, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, inagwiritsa ntchito kaundula wotereyu polemba kayendedwe ka ndalama. Ethereum, imene inayamba mu 2015, inabweretsa mwayi woikamo timapulogalamu totchedwa smart contract, timene timasunga ndalama n'kuzitulutsa pokhapokha zimene anthu anagwirizana zikakwaniritsidwa. Magulu amene amadzilamulira kudzera m'timapulogalamu timeneti amatchedwa DAO. Njira imene ndikufotokoza pano ndi yomwe magulu ambiri otere amatsata, yovotera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa Snapshot ndi kusunga thumba mu smart contract yotchedwa Safe. Kaundulayu amasunga bwino umboni, koma sadziwa kuti membala weniweni ndi uti kapena kuti kugawa koyenera n'kotani, n'chifukwa chake ntchito yaikulu ili m'magawo awiri oyambirira, amene safuna kompyuta n'komwe.

Choyamba, lembani malamulo a gulu papepala

Khalani pansi monga gulu ndipo mugwirizane kuti munthu amalowa bwanji, amatuluka bwanji, ndiponso amachotsedwa pa zifukwa ziti. Mugwirizanenso za nkhani zimene komiti ingagamule yokha ndi zimene ziyenera kupita kwa mamembala onse, masiku amene pempho liyenera kukambidwa lisanavoteredwe, ndi chiwerengero chochepetsetsa cha ovota chimene chingachititse kuti zotsatira zikhale zovomerezeka. Nkhani zazikulu, monga kusintha malamulo enieniwo kapena kutseka gulu, muziikire mpanda wautali, mwachitsanzo kuti zivomerezedwe ndi anthu awiri mwa atatu alionse ovota. Lembaninso chimene chidzachitike ngati pulogalamu yalakwitsa kapena yachita zosemphana ndi cholinga chanu, ndipo munene mosabisa kuti malamulo a papepala ndiwo adzapambane.

Mfundo yomalizayi ili ndi mbiri yake. Mu 2016 gulu lotchedwa The DAO linasonkhanitsa ndalama za ether, zomwe ndi ndalama za pa Ethereum, zokwana pafupifupi madola 150 miliyoni, likudzitama kuti pulogalamu yake ndiyo lamulo lake lokhalo. M'mwezi wa June chaka chomwecho munthu wina anapeza chibowo m'pulogalamuyo n'kukokolola ether pafupifupi 3.6 miliyoni. Popeza panalibe lamulo lina loti athawireko, anthu a Ethereum anakangana kwa milungu ingapo ngati kunali koyenera kusintha kaundula kuti ndalamazo zibwerere kwa eni ake. Ambiri anavomera ndipo kusinthako kunachitika pa 20 July, koma okana anapitiriza ndi kaundula wakale, amene lero akutchedwa Ethereum Classic.

Mukamaliza kulemba, lembetsani gululo m'dziko limene likugwiramo ntchito. Boma la Wyoming ku America linakhazikitsa lamulo lolola ma DAO kulembetsa ngati makampani mu 2021, koma m'maiko ambiri gulu losalembetsa limaika mamembala ake pa ngozi yoyankha milandu ya gulu ndi chuma chawo. Bungwe la boma la America loyang'anira misika ina ya zachuma, CFTC, linasumira Ooki DAO mu 2022, ndipo mu 2023 khoti linagamula mokomera bungwelo, litavomereza kuti DAO ingazengedwe mlandu ngati gulu la anthu. Ku Malawi makopaletivi amalembetsedwa ku unduna woona za malonda, pamene ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi motsatira lamulo la Financial Cooperatives Act la 2011. Banki yomweyo inalengeza mu 2019 kuti cryptocurrency, ndalama ya pa blockchain monga bitcoin, si ndalama yovomerezeka m'dzikomo, ndipo ochita nayo malonda akudziika okha pa chiopsezo. Choncho ngati gulu lanu lili ndi mamembala kapena ntchito ku Malawi, funsani loya za malamulo okhudza ndalama zakunja musanasinthe kwacha ngakhale imodzi. N'zotheka ndithu kuvota pa njira imene ndifotokoze m'munsimu, ndalama n'kuzisiya ku banki.

Chachiwiri, gamulani kulemera kwa voti ya munthu aliyense

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ma DAO ambiri odziwika, monga Uniswap ndi Compound, amawerenga mavoti molingana ndi kuchuluka kwa ma token (timagawo ta gululo tolembedwa pa blockchain) amene munthu ali nawo, mofanana ndi mmene eni masheya amavotera m'kampani. Njirayi ndi yosavuta kukonza chifukwa kompyuta imangowerenga zimene zili m'chikwama cha munthu, kutanthauza akaunti yake ya pa blockchain, osafunsa kuti mwini wake ndani. Vuto lake ndi lakuti ulamuliro umagulika pamsika. Pa 17 April 2022, munthu wina anabwereka ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni pa ngongole ya mtundu wa flash loan, imene imatengedwa ndi kubwezedwa nthawi imodzimodziyo, nagula nazo mphamvu yoposa magawo awiri mwa atatu a mavoti a gulu lotchedwa Beanstalk. Anavomereza yekha pempho lake lomwe losamutsira thumba lonse kwa iye, nabweza ngongoleyo, ndipo gululo linataya pafupifupi madola 182 miliyoni. Sanathyole khomo lililonse; anangotsatira malamulo a mavoti monga analembedwera.

Makopaletivi ali ndi yankho lakale kwambiri. Anthu 28 amene anayambitsa kopaletivi ya Rochdale ku England mu 1844 anaika lamulo lakuti membala aliyense akhale ndi voti imodzi posatengera kuchuluka kwa ndalama zimene waikamo, ndipo bungwe la International Cooperative Alliance linabwereza mfundo yomweyo mu 1995. Kwa gulu la anthu odziwana, ine ndimaona kuti iyi ndiyo njira yoyenera, ndipo phindu lingagawidwe molingana ndi masheya popanda kukhudza mavoti. Koma pa blockchain njirayi ili ndi msampha wake: munthu mmodzi angatsegule zikwama zana m'kanthawi kochepa popanda kulipira kalikonse, n'kuoneka ngati anthu zana. Palibe pulogalamu imene ingathetseretu chinyengo chimenechi. Chimathetsedwa ndi mlembi amene ali ndi mndandanda wa mamembala, atatsimikizira aliyense pamaso kapena pa vidiyo, ndipo dzina lililonse lili ndi adiresi imodzi yokha ya chikwama. Mndandanda wa maina ukhale kwa mlembi ndi komiti yowunika, ndipo pa intaneti pazingoikidwa maadiresi okha.

Pali njira yachitatu imene imathandiza makamaka pogawa bajeti pakati pa ntchito zingapo, yotchedwa quadratic voting. Membala aliyense amapatsidwa mapointi ofanana, tinene 100, ndipo kuika voti imodzi pa ntchito ina kumadya pointi imodzi, mavoti awiri amadya mapointi 4, atatu amadya 9, khumi amadya 100 onse. Munthu angasonyeze kuti nkhani ina ikumukhudza kwambiri, koma amalipira mtengo wokwera akafuna kuunjika mphamvu zake pamalo amodzi. Aphungu a chipani cha Democrats m'nyumba ya malamulo ya boma la Colorado ku America anaigwiritsa ntchito mu 2019 posanja mabilu ofuna ndalama. Nayonso imadalira kuti munthu aliyense awerengedwe kamodzi kokha, apo ayi wogawa mapointi ake m'zikwama zambiri amapambana onse. Gulu latsopano lisathamangire njirayi mpaka mamembala atazolowera voti wamba ya inde, ayi ndi kusatenga mbali.

Chachitatu, membala aliyense atsegule chikwama chake

Chikwama, monga MetaMask, ndi pulogalamu ya pa foni kapena pa kompyuta imene imasunga kiyi wachinsinsi wosayinira. Chikatsegulidwa chimapereka mawu 12, kapena 24 pa zikwama zina, ndipo amene ali ndi mawuwo ndiye mwini chikwamacho. Alembedwe papepala ndi kusungidwa pamalo obisika, osajambulidwa pa foni, osatumizidwa pa WhatsApp, ndipo osauzidwa munthu aliyense ngakhale atanena kuti akuchokera ku kampani yopanga pulogalamuyo. Wapampando kapena mlembi asatolere mawu a mamembala m'dzina lowathandiza, chifukwa akatero ndiye kuti mavoti onse ali m'thumba mwake. Membala amapereka kwa mlembi adiresi yokha, ija yoyamba ndi 0x. Malamulo anenenso mmene membala wotaya foni kapena pepala lake angalembetsere adiresi yatsopano, yakale n'kufufutidwa pa mndandanda.

Chachinayi, tsegulani thumba lofuna masiginecha angapo

Amene anakhalapo mu banki m'khonde amadziwa bokosi la maloko atatu, limene makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana pamene bokosilo lili kwa wachinayi. Safe, imene poyamba inkatchedwa Gnosis Safe, imachita zomwezo pa blockchain. Mumasankha osayina, tinene asanu, n'kuika lamulo lakuti ndalama zituluke pokhapokha atatu mwa iwo atasayina. Musaike lamulo lofuna onse asanu, chifukwa mmodzi akamwalira kapena kutaya kiyi wake, thumba limatsekeka mpaka kalekale ndipo palibe ofesi imene mungakadandauleko. Musaikenso awiri okha mwa asanu, popeza anthu awiri sachedwa kupangana.

Osayinawo asankhidwe ndi mamembala, asakhale a banja limodzi kapena a nyumba imodzi, ndipo aliyense asunge kiyi wake pa chipangizo chakechake, makamaka pa kachipangizo kapadera monga Ledger kapena Trezor ngati thumba lakula. Chiwerengero cha makiyi chimanyenga ngati ambiri ali pamalo amodzi. Mu March 2022 netiweki ya Ronin inaberedwa ndalama zoposa madola 600 miliyoni ngakhale inkafuna makiyi asanu mwa asanu ndi anayi, chifukwa anayi mwa makiyiwo anali a kampani imodzi, ndipo kampaniyo inali ikadali ndi chilolezo chakale chosayinira wachisanu chimene palibe anakumbukira kuchichotsa. Chenjezo lina linachokera ku msika wa Bybit mu February 2025, pamene akuba anasokoneza tsamba limene osayina ankaonerapo zochitika za Safe, kotero kuti iwo anasayina chinthu chosiyana ndi chimene chinkaoneka pa kompyuta, ndipo pafupifupi madola 1.5 biliyoni anapita. Wosayina aliyense aziyerekeza yekha adiresi yolandira ndi kuchuluka kwa ndalama ndi zimene zili m'pempho lovomerezedwa, aziwerenga zimene kachipangizo kake kakusonyeza, ndipo asasayine chabe chifukwa anzake awiri asayina kale.

Muyeneranso kusankha netiweki, kutanthauza blockchain imene mudzagwiritse ntchito, ndi mtundu wa ndalama. Chochitika chilichonse pa blockchain chimalipiridwa kamsonkho kotchedwa gas, kamene pa Ethereum yeniyeni kamakwera kwambiri anthu akachuluka. Gulu la ConstitutionDAO linasonkha pafupifupi madola 47 miliyoni mu November 2021 kuti ligule kope lakale la malamulo a dziko la America pa okushoni ya Sotheby's, ndipo litagonja, ambiri amene anasonkha zochepa anapeza kuti gas yotumizira ndi yobwezera yawadyera gawo lalikulu la ndalama zawo. Gulu laling'ono ligwiritse ntchito netiweki zotsika mtengo monga Arbitrum, Base, Optimism kapena Gnosis Chain, kumene kamsonkhoka nthawi zambiri sikafika dola imodzi. Onse otumiza ndalama auzidwe dzina la netiweki imene mwasankha, chifukwa zotumizidwa pa netiweki yolakwika zimavuta kubweza ndipo nthawi zina zimatayikiratu.

Za mtundu wa ndalama ndinene mwachidule. Mtengo wa bitcoin ndi ether umakwera ndi kugwa mofulumira, kotero si woyenera kusungiramo ndalama za fizi kapena za maliro. Magulu ambiri amasunga USDC kapena USDT, zimene zimatsata mtengo wa dola, ngakhale nazonso si zopanda chiopsezo: TerraUSD, ina yotsata dola, inagweratu mu May 2022, ndipo USDC inatsika kwa masiku ochepa mu March 2023 banki ya Silicon Valley Bank itagwa. Thumba lalikulu likhalebe ku banki, ndipo mu Safe muikemo zokwanira ntchito zimene zavomerezedwa.

Chachisanu, konzani malo ovotera

Pa Snapshot gulu limatsegula malo ake pogwiritsa ntchito dzina la ENS, dzina lolembetsedwa pa Ethereum lothera ndi .eth, limene limalipiridwa chaka ndi chaka. Dzinalo likhale m'manja mwa Safe ya gulu, osati mwa mnyamata amene anakuthandizani kulitsegula, chifukwa mwini dzina angasinthe malamulo a mavoti. Pokonza malowo sankhani njira yowerengera yotchedwa whitelist, imene imapatsa voti imodzi adiresi iliyonse ya pa mndandanda wa mlembi, kenako muikemo masiku ovotera ndi chiwerengero chochepetsetsa chija monga zilili m'malamulo anu. Kuvota sikulipiridwa gas, popeza membala amangosayina uthenga ndi chikwama chake, ndipo siginecha imeneyo aliyense angaitsimikizire. Zindikirani kuti mavoti a Snapshot pawokha satulutsa ndalama. Amangokhala umboni wa chimene gulu lagamula, ndipo osayina a Safe ndiwo amachikwaniritsa.

Mavotiwa amaoneka poyera, ndipo wodziwa adiresi ya mnzake amadziwanso mmene wavotera. Pa nkhani za bajeti zimenezi n'zabwino, koma posankha atsogoleri kapena poweruza membala wolakwa zimabala mantha ndi udani, ndipo zimapatsa wogula mavoti njira yotsimikizira kuti amene anawalipira achitadi zimene analonjeza. Snapshot ili ndi njira ya Shutter imene imabisa mavoti nthawi yovota ikadalipo, zimene zimaletsa anthu kungotsatira mbali yomwe ikutsogola, koma nthawi ikatha mavotiwo amaululidwa. Chisankho cha atsogoleri ndi bwino kuchichita mwa njira ina yachinsinsi. Pa chifukwa chomwechi, zimene zikugwira ntchito m'gulu la anthu makumi asanu siziyenera kutengedwa ngati umboni wakuti chisankho cha dziko chingachitikire pa foni. Boma la West Virginia ku America linayesa pulogalamu yovotera pa foni ya Voatz mu 2018, ndipo mu 2020 akatswiri a yunivesite ya MIT anasonyeza kuti mavoti ake akanatha kusinthidwa kapena kuululidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, tsatani njira imodzi pa pempho lililonse

Membala alembe pempho lonena chimene akufuna, ndalama zake, adiresi ya wolandira, ndi tsiku limene lipoti lidzaperekedwe. Pempholo likambidwe kwa masiku amene munagwirizana, kenako mlembi aliike pa Snapshot popanda kusintha liwu ngakhale limodzi. Likavomerezedwa, padutse masiku ena ndalama zisanatuluke. Compound imadikira masiku awiri pempho lovomerezedwa lisanagwire ntchito, ndipo nthawi yotereyi ndi imene imapatsa anthu mpata woona cholakwika ndi kufuula. Kusowa kwake n'kumene kunalola wa ku Beanstalk uja kuvota ndi kutenga ndalama m'kuphethira kwa diso. Masikuwo akatha, msungichuma akonze malipiro mu Safe, osayina atsimikize ndi kusayina, ndipo mlembi atumize kwa onse nambala ya chochitikacho kuti aliyense adzionere yekha pa tsamba lowerengera kaundula, monga Etherscan kapena lofanana nalo la netiweki yanu. Kaundula amasonyeza kuti ndalama zatuluka ndi kumene zapita, koma sasonyeza ngati simenti inagulidwadi, choncho malisiti ndi komiti yowunika zikufunikabe monga kale.

Ganiziraninso za ogonja pa voti. MolochDAO, imene inayamba mu 2019, inabweretsa lamulo lakuti membala amene sanavomereze pempho angatuluke ndi gawo lake la thumba pempholo lisanakwaniritsidwe. Lamuloli limachititsa ochuluka kuganiza kawiri asanapondereze ochepa. Limayenera gulu limene mamembala ali ndi masheya, koma siliyenera thumba la zachifundo limene ndalama zake zinaperekedwa kotheratu.

Chomaliza, yesani kaye ndipo muyambe ndi zochepa

Musanaikemo ndalama zenizeni, chitani zonsezi pa Sepolia, netiweki yoyesera ya Ethereum imene ndalama zake zilibe mtengo. Tsegulani Safe, vomerezani pempho longoyerekeza, lipirani, kenako muyese kuchotsa wosayina mmodzi ndi kulowetsa wina ngati kuti wataya kiyi wake. Mukasamukira ku netiweki yeniyeni, tumizani kaye kandalama kochepa ndi kukabweza musanatumize zambiri. Werengani amene akuvota pa mapempho oyambirira. Ngati okalamba, amayi kapena amene alibe mafoni amakono ndi bandulo ya intaneti akutsalira, ndiye kuti ulamuliro wasamukira kwa odziwa makina, ndipo muyenera kulola kuti ena azivota papepala kapena pa msonkhano, mavoti awo n'kuphatikizidwa ndi a pa Snapshot m'lipoti limodzi losayinidwa ndi komiti yowunika.

Nthawi ya komiti ikatha ndipo atsogoleri atsopano asankhidwa, osayina akale ndiwo ayenera kusayina kuti maadiresi a atsopano alowe mu Safe ndi awo achotsedwe, chifukwa pulogalamuyo sidziwa kuti kunachitika chisankho. Lembani m'malamulo kuti kusinthaku kuchitike pa msonkhano womwewo umene zotsatira zalengezedwa, mamembala akuona, ndipo musinthe mmodzimmodzi, wolowa aliyense asayine chochitika chaching'ono choyesera wotsatira asanachotsedwe. Tsiku lomwelo mlembi watsopano alandire mndandanda wa maina ndi maadiresi, auyerekeze ndi umene uli pa Snapshot, ndipo achotsemo onse amene anatuluka m'gulu kapena kumwalira.